Kuthamangitsana m'nyumba za masiye

Kuthamangitsana m'nyumba za masiye ndi mkangano umene umabuka munthu akamwalira n'kusiya nyumba, poloti kapena munda, ndiye wina mwa otsala n'kufuna kutulutsa amene akukhala pamalopo ponena kuti alibe gawo pa chuma cha malemu. Ku Malawi amene amathamangitsidwa kawirikawiri ndi mkazi wamasiye ndi ana ake, koma zimagweranso mwamuna wamasiye amene anali pa chikamwini, ana opeza, mkazi wachiwiri wa pamitala, ngakhalenso anthu ochita lendi m'nyumba ya malemu. Mchitidwewu ndi mbali imodzi ya zimene anthu amazitcha kulanda chuma cha masiye. Kuyambira mu 1998 kulanda chuma cha masiye ndi mlandu m'malamulo a dziko la Malawi, ndipo lamulo limene likugwira ntchito pano ndi la Deceased Estates Act la mu 2011.

Mikangano yambiri ya mtunduwu imachitika pa nthawi imene ili pakati pa maliro ndi tsiku logawa chuma. Pa nthawiyi mwini wake wa nyumba palibe, wina wolowa m'malo mwake sanadziwike, ndipo amene ali ndi makiyi kapena mawu amphamvu pa msonkhano wa banja ndi amene amaoneka ngati mwini.

Chifukwa chake nyumba imavuta

Ndalama za kubanki, mbuzi kapena matumba a chimanga anthu amatha kugawana aliyense n'kunyamula zake. Nyumba sigawika choncho. Kuti anthu asanu alandire gawo pa nyumba imodzi, pafunika kuti aigulitse, kapena aichititse lendi azigawana ndalama, kapena ena alolere kuti mmodzi azikhalamo. Njira ziwiri zoyambazo zimafuna kuti amene ali m'nyumbamo atuluke, ndipo apa ndi pamene pamayambira phokoso. M'mabanja ambiri nyumbayo ndiye chuma chokhacho chooneka chimene malemu anasiya. Ndi momwenso mkazi ndi ana amagona, ili pafupi ndi sukulu imene anawo amaphunzira, mwinanso pakhonde pake ndi pamene mayiyo amagulitsira tomato ndi makala. Choncho wotulutsidwa amataya pogona ndi podyera nthawi imodzi.

China n'chakuti nyumba zambiri zilibe zikalata zomveka. M'madera ngati Ndirande ku Blantyre, Mtandire ku Lilongwe kapena Chibavi ku Mzuzu, anthu ambiri anagula mapoloti polemberana pa pepala wamba, mboni ikukhala mfumu ya m'deralo. Pepalalo nthawi zambiri limakhala ndi dzina la mwamuna yekha, ngakhale mkazi anasonkhako ndalama ya malata kapena anatunga madzi oumbira njerwa. Mwamunayo akamwalira, abale ake amaloza dzina lili papepala n'kunena kuti nyumba ndi ya kwawo.

Miyambo ya ukwati ndi malo

Kuti munthu amvetse mikanganoyi ayenera kudziwa kumene banja linkakhala ndi mwambo umene linkatsata, chifukwa kumudzi malo amayendera mtundu wa anthu, osati banja la mwamuna ndi mkazi.

Pakati pa Achewa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja mtundu umayendera kuchikazi. Pa ukwati wa chikamwini mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, kumanga nyumba ndi kulima pa malo a mbumba ya mkaziyo. Mwamunayo akamwalira, mkazi ndi ana sasuntha popeza ali pakwawo, ngakhale abale a mwamuna amatha kubwera kudzanyamula katundu monga njinga, wailesi, ngolo, nthawi zina mpaka kusasula malata padenga. Koma akayamba kumwalira mkazi, amene amasowa pokhala ndi mwamuna. Mkamwini amatengedwa ngati mlendo pamudzi, ndipo mwambo wa kusudzula ukachitika amayembekezeka kubwerera kwawo, kusiya ana, nyumba ndi mitengo imene anadzala. Mwamuna amene wakhala zaka 30 kuchikamwini akhoza kukapeza kuti kwawoko munda umene akanalima anatenga kale ana a alongo ake. Nkhani za kulanda chuma cha masiye sizitchula kwambiri amuna oterewa, komabe alipo.

Pa ukwati wa chitengwa mwamuna amapempha kwa ankhoswe ndi mwini mbumba kuti atengere mkazi kwawo, koma ana amakhalabe a kuchikazi. Mkazi wa chitengwa ndi amene ali pangozi kwambiri, pakuti mwamuna akamwalira iye ndi ana ake amakhala pa malo a mtundu wina. Akasudzulidwa amauzidwa kuti abwerere kwa atsibweni a anawo, ndipo nyumba imatsala m'manja mwa abale a malemu.

M'madera amene amapereka malowolo, monga pakati pa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde a ku Karonga ndi Asena a ku Nsanje ndi Chikwawa, mkazi ndi ana amakhala a kuchimuna. Mwa mwambo mkazi wamasiye amaloledwa kukhalabe pamudzi kulera ana, koma malowo amangowasungira ana ake aamuna. Akakhala wopanda mwana, akakana chokolo, kapena akafuna kukwatiwa ndi munthu wa kunja kwa mtunduwo, kukhala kwake pamudzipo kumavuta.

Miyambo yonseyi inali ndi mbali yake yoteteza. Wolowa m'malo mwa malemu ankatenga chuma pamodzi ndi udindo wodyetsa ana, ndipo wosudzulidwa ankakhala ndi kwawo kobwerera kumene munda unkamudikira. Zinthu zinasintha pamene malo anayamba kuchepa, nyumba zinayamba kukhala za njerwa zootcha ndi malata, ndipo anthu anayamba kumanga m'tauni ndi ndalama za malipiro awo. Nyumba ya ku Chilomoni kapena ku Kawale siili pa malo a mbumba ya wina aliyense, komabe abale amabwera ndi mfundo za kumudzi kudzaitenga, udindo wolera ana uja n'kuusiya. Mliri wa Edzi, umene unapha anthu ambiri a misinkhu yogwira ntchito m'zaka za m'ma 1990, unachulukitsa milandu yotere, ndipo amayi ena ankathamangitsidwa powanamizira kuti ndiwo abweretsa matenda kapena alodza mwamuna.

Lamulo la 1967

Lamulo loyamba la dziko lonse pa nkhaniyi Malawi atalandira ufulu linali Wills and Inheritance Act la mu 1967. Mwamuna akamwalira wopanda wilo, lamuloli linkagawa chuma pakati pa magulu awiri: mkazi, ana ndi odalira malemu mbali imodzi, ndi olowa chuma mwa mwambo mbali inayo. M'madera a malowolo gulu lililonse linkatenga theka. M'madera otsata kuchikazi mkazi, ana ndi odalira malemu ankatenga magawo awiri mwa asanu, ndipo magawo atatu ankapita kwa olowa mwa mwambo. Kutanthauza kuti abale a mwamuna anali ndi gawo lovomerezeka, mwinanso lalikulu, pa nyumba imene mkazi ndi ana ankakhalamo.

Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 anabweretsa mfundo zina. Gawo 24 limapatsa amayi ufulu wokhala ndi chuma pawokha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kapena ayi, ndipo limalamula boma kuthetsa mchitidwe wolanda amayi chuma, kuphatikizapo chimene alandira ngati cholowa. Gawo 23 limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira. Mu 1998 aphungu anasintha lamulo la 1967 lija n'kuikamo mlandu wolanda chuma cha masiye, koma kagawidwe ka magawo kanatsala momwemo. Mabungwe monga Women and Law in Southern Africa, limene mu 2002 linatulutsa buku la Dispossessing the Widow, anapitiriza kukakamiza kuti lamulo lonse lilembedwenso. Bungwe lounika malamulo la Law Commission linachita ntchitoyo, ndipo lamulo latsopano linadutsa mu 2011, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika.

Zimene lamulo la 2011 limanena

Kusintha kwakukulu kuli pa gawo 4, limene limati palibe munthu angalowe chuma cha malemu podzera m'mwambo, koma motsatira lamuloli basi. Magawo aja a olowa mwa mwambo anatheratu.

Gawo 17 ndi limene limafotokoza kagawidwe ka chuma cha munthu amene sanasiye wilo. Oyenera kulandira ndi a m'banja lenileni la malemu, amene ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana ake, komanso odalira malemu. Mwana pa lamuloli ndi mwana aliyense wa malemu, kaya anabadwira m'banja kapena kunja, kaya ndi wochita kutengedwa movomerezeka ndi khoti, ngakhalenso amene adakali m'mimba. Odalira malemu si wachibale aliyense amene ankadya pakhomopo. Lamulo likunena makolo a malemu amene ankathandizidwa ndi iye, ndi mwana wamng'ono amene malemu ankamulipirira sukulu, ngati sangathe kudzisamala yekha.

Lamuloli silipereka maperesenti. M'malo mwake limaika mfundo zotsatana. Yoyamba ndi yoti a m'banja ndi odalira malemu atetezedwe kuti asavutike, ndipo kuvutika kumene likunena ndi kusowa zofunika pa moyo malinga ndi mmene munthuyo ankakhalira malemu ali moyo. Kwa mwana, kulephera sukulu imene akanaphunzira ndi kuvutikanso. Yachiwiri ndi yoti mkazi kapena mwamuna wotsala asunge katundu wa m'nyumba. Zikatsala zina pambuyo pa izi, zimagawidwa kwa wotsalayo, ana ndi makolo a malemu. Pakati pa ana, wamng'ono ayenera kulandira gawo lokulirapo kuposa wamkulu, pokhapokha ngati ubwino wa anawo ukufuna zina. Pa nkhani ya nyumba mfundo yoyamba ija ndi imene ili ndi mphamvu, chifukwa pogona ndi chimodzi mwa zofunika pa moyo, ndipo n'kovuta kunena kuti banja latetezedwa ku mavuto pamene lagonekedwa panja.

Achimwene, achemwali, atsibweni ndi ana a alongo a malemu, amene nthawi zambiri ndiwo amatsogolera kuthamangitsa, amabwera kumapeto kwenikweni. Iwo amalandira pokhapokha ngati malemu sanasiye mkazi kapena mwamuna, mwana kapena womudalira, ndipo ngakhale zitatero zidzukulu za malemu zimayamba zaganiziridwa iwo asanafike.

Pa mitala, ngati akazi ankakhala m'madera osiyana, aliyense ndi ana ake amalandira pa chuma cha kudera limene amakhala, ngakhale mfundoyi sikhudza ndalama zosungidwa m'mabungwe ndi malo okhala ndi zikalata zaumwini. Ngati ankakhala dera limodzi, amaona zimene aliyense anathandizapo. Kukwatiwanso kapena kukwatiranso sikulanditsa munthu chimene analandira, kupatula chuma chimene chili pa malo a makolo. Chimenecho chimapita kwa ana amene wotsalayo anabereka ndi malemu.

Gawo 84 ndi limene limanena za mlandu. Munthu amene alibe gawo, kaya mwa wilo kapena mwa lamulo, akatenga, kulanda, kugulitsa kapena kuchita chilichonse pa chuma cha malemu chimene chingavutitse woyenera kulandira, wapalamula. Chilango chake ndi chindapusa chosachepera mtengo wa chumacho ndi ukaidi wa zaka 10, ndipo khoti limalamulanso kuti chumacho kapena mtengo wake ubwezedwe. Kusintha loko pachitseko kuti mkazi wamasiye asalowe, kusasula denga, kapena kuika anthu a lendi m'nyumba ya ana amasiye n'kumadya ndalamazo, zonse zikhoza kugwera pamenepa. Chilangocho n'chachikulu papepala, koma milandu yambiri sifika n'komwe kupolisi. Namfedwa amakhala adakali m'chisoni, amaopa kutchedwa wokonda chuma kapena kuopsezedwa ndi ufiti, ndipo saona chanzeru kumangitsa agogo kapena amalume a ana ake.

Woyendetsa chuma si mwini chuma

Chuma cha malemu chisanagawidwe pamafunika munthu wochiyendetsa. Ngati pali wilo, amene anatchulidwa m'wilomo amakapempha khoti kuti livomereze wiloyo. Ngati palibe, khoti limapereka zikalata zoyendetsera chuma, zimene maloya amazitcha letters of administration, kwa munthu mmodzi kapena angapo a m'banja, kapenanso kwa mkulu wa boma woona chuma cha masiye, Administrator General. Chuma chachikulu chimapita ku Khoti Lalikulu, kumene kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Chuma chochepa chimatha kuonedwa ndi makhoti a majisitireti, ndipo m'maboma ofesi ya bwanamkubwa imathandiza mabanja ambiri pa nkhani zotere.

Ntchito ya woyendetsa chuma ndi kusonkhanitsa zonse zimene malemu anasiya, kulipira ngongole ndi msonkho, kugawa zotsala kwa oyenera, ndi kupereka ndondomeko ya mmene wayendetsera. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Mwana woyamba kapena mchimwene wa malemu akangolandira zikalatazo amayamba kudziona ngati mwini nyumba: amatolera lendi osauza anzake, amasintha dzina ku ofesi ya malo, mwinanso kugulitsa kumene. Ena amatenga zikalatazo mobisa, osatchula kukhoti kuti malemu anasiya mkazi wina kapena ana ena. Khoti lili ndi mphamvu yolanda zikalata zopezedwa mwachinyengo kapena zogwiritsidwa ntchito molakwika, ndi kulamula woyendetsayo kuti afotokoze kumene ndalama zinapita.

Ngakhale woyendetsa chuma wachilungamo alibe mphamvu yotulutsa munthu ndi manja ake. Wofuna kuti wina atuluke m'nyumba ayenera kukasuma, onse awiri amvedwe, ndipo chigamulo chikatuluka amene amachikwaniritsa ndi masherifu a khoti. Gulu la anyamata olembedwa ganyu kuti aponye katundu panja silichokera ku lamulo lililonse.

Mikangano imene imafika kukhoti

Mkangano wofala m'tauni ndi wa pakati pa ana a mkazi woyamba ndi mayi wawo wowapeza. Anawo, amene mwina ndi akuluakulu, amati nyumba anamanga ndi bambo ndi mayi awo mkazi wachiwiriyo asanabwere. Mkaziyo amati iye ndi mkazi wa malemu, ndi amene anadwazika matenda, ndipo ali ndi ana aang'ono. Onse ali ndi mfundo, ndipo lamulo limawawerengera onse ngati a m'banja la malemu. Palinso funso lina limene limaiwalika: ngati mkazi woyambayo anali ndi gawo lake pa nyumbayo, gawolo linali chuma chake cha masiye, choyenera kugawidwa pachokha pamene iye anamwalira. Mabanja ambiri sachita zimenezi, ndiye imfa yachiwiri ikafika pamakhala chuma cha anthu awiri chosakanikirana m'nyumba imodzi.

Wina ndi wokana ukwati. Abale amanena kuti mayiyo sanali mkazi koma chibwenzi, popeza panalibe chinkhoswe, malowolo kapena mtchatho. Malamulo aakulu a dziko amavomereza ukwati wa anthu amene akhala pamodzi nthawi yaitali n'kumadziwika ngati banja, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 limalola khoti kuvomereza ukwati wotere poona zinthu monga kutalika kwa nthawi, imene isachepere zaka zisanu, kukhalira pamodzi, ana ndi mmene anthu ankawaonera. Vuto n'lakuti kuvomerezako kumafuna mlandu wakewake, ndipo pamene mlanduwo ukuyenda mayiyo amakhala atatulutsidwa kale. Ana ake okha ndiwo sakhudzidwa ndi funso la ukwatilo, bola zitsimikizike kuti ndi a malemu.

Pamakhalanso ogula. Munthu amagula nyumba kwa mmodzi wa ana a malemu, kulipira ndalama zonse, kenako n'kupeza kuti m'nyumbamo muli ana ena amene sanamve n'komwe za malondawo. Wogulitsa amene alibe zikalata zoyendetsera chuma alibe mphamvu yogulitsa nyumba ya masiye, choncho wogulayo akhoza kutsala ndi ntchito yolondola ndalama zake kwa munthu amene wadya kale. N'chifukwa chake nyumba yotsika mtengo modabwitsa imene mwini wake anamwalira posachedwa imafuna kufunsa kawiri.

Ochita lendi nawo amapezeka pakati pa moto. Landilodi akamwalira pangano la lendi silifera pomwepo, koma mwezi ukatha amafika anthu awiri kapena atatu, aliyense akuti ndalama apatsidwe iyeyo, ndipo wokanidwa amaopseza kuti atulutsa katundu. Woyenera kulandira lendi ndi woyendetsa chuma wovomerezeka ndi khoti, ndipo ndalamayo ndi ya chuma cha masiye, osati ya m'thumba mwake. Ngongole nazo zimatulutsa anthu: ngati malemu anapinyolitsa nyumba kubanki, ngongoleyo imayamba yalipidwa olandira asanagawane kalikonse.

Malo a makolo

Mbali imene lamulo la 2011 silinathetse bwinobwino ndi ya malo a makolo, amene ndiwo malo ochuluka m'dziko muno. Nyumba ikhoza kukhala ya malemu, yomangidwa ndi ndalama zake, koma nthaka imene yakhalapo anthu amaitenga kuti ndi ya mbumba kapena mtundu, yoyang'aniridwa ndi mfumu. Mkazi wamasiye wa chitengwa akhoza kukhala ndi ufulu pa nyumbayo mwa lamulo, koma n'kumakhala pakati pa alamu amene samulankhula, amene amulanda dimba ndi kumuletsa kudula mtengo. Ambiri amachoka okha popanda wowagwira dzanja, ndipo kuchoka kotere sikulembedwa paliponse ngati kuthamangitsidwa.

Lamulo la malo a makolo la mu 2016, Customary Land Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo a kumudzi n'kulandira chikalata. Malo olembetsedwa choncho amatha kusiyidwa ngati cholowa ndiponso kulembedwa m'wilo. Lamuloli linakhazikitsanso makomiti a malo otsogozedwa ndi agulupu, mmene mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi, komanso mabwalo oweruza milandu ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu mpaka pa boma. Phindu lake kwa wamasiye limadalira dzina limene lalembedwa pachikalata. Chikalembedwa m'dzina la mwamuna yekha kuchitengwa, kapena la mkazi yekha kuchikamwini, vuto lakale lija limangosamukira papepala.

Kokadandaula

Nkhani zambiri zimayambira kwa ankhoswe ndi akuluakulu a banja, kenako kwa nyakwawa, gulupu kapena atsogoleri a mpingo ndi mzikiti. Mabwalowa ali pafupi, safuna ndalama zambiri, ndipo mfumu yodziwa lamulo imatha kuzimitsa mkangano tsiku limodzi. Koma mfumu ilibe mphamvu yogawa chuma cha masiye motsutsana ndi lamulo la 2011, ndipo chigamulo chake chikhoza kukatsutsidwa kukhoti.

Pamene pali kuopseza, kumenya kapena kuswa chitseko, nkhaniyo ndi ya apolisi, amene ali ndi nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit. Kukhoti, chida chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi chiletso, choletsa kutulutsa munthu kapena kugulitsa nyumba mpaka mlandu utatha. Ngati malowo analembetsedwa ku ofesi ya malo, wodandaula amathanso kukalembetsa chenjezo kuti dzina lisasinthidwe iye osadziwa. Osowa ndalama ya loya amathandizidwa ndi Legal Aid Bureau, komanso alangizi a zamalamulo a m'mabungwe omwe si aboma. Milandu ya chuma cha masiye imatha kutenga zaka, ndipo pa nthawi yonseyo amene ali m'nyumba ndi amene ali pabwino, chifukwa kubwezeretsa munthu amene anatuluka kale, nyumba itagulitsidwa kapena kulowamo ena, n'kovuta kuposa kuletsa kuti asatulutsidwe. Umboni umene umathandiza ndi monga chikalata cha imfa, cha ukwati kapena mboni za chinkhoswe, mapepala ogulira poloti, malisiti a simenti ndi malata, ndi mabilu a madzi, magetsi ndi msonkho wa khonsolo.

Dziko la Malawi linavomerezanso mu 2005 pangano la mayiko a mu Africa la ufulu wa amayi, lodziwika kuti Maputo Protocol. Ndime 21 ya panganoli imati mkazi wamasiye ali ndi ufulu wopitiriza kukhala m'nyumba ya banja, ndipo akakwatiwanso ufuluwo umapitirira ngati nyumbayo ndi yake kapena anailandira ngati cholowa.

Wilo ndi kulembetsa mayina awiri

Munthu aliyense wa zaka 18 kapena kuposa, woganiza bwino, akhoza kulemba wilo. Iyenera kukhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso iye akuona. Sikuti mpaka alembe ndi loya. Wilo imatha kunena momveka kuti mkazi akhale m'nyumba moyo wake wonse, pambuyo pake ipite kwa ana. Komabe wilo si njira yomanira banja, pakuti khoti likhoza kupereka gawo kwa mkazi, mwamuna kapena mwana amene wasiyidwa popanda thandizo lokwanira. Anthu ambiri salemba wilo poopa kuti n'kudziitanira imfa, kapena kuti otchulidwamo angafulumizitse maliro.

Njira ina ndi kulembetsa nyumba m'mayina a mwamuna ndi mkazi ngati eni ake pamodzi, mwa mtundu umene wotsala amatenga yonse mnzake akamwalira. Nyumba yolembedwa choncho silowa m'gulu la chuma chogawidwa.

Ku Zambia

Ku Zambia, kumene kulinso Achewa ambiri m'chigawo cha kum'mawa ndipo miyambo ya chikamwini ndi kusudzula ndi yofanana, anatsata njira ina. Lamulo lawo la Intestate Succession Act la mu 1989 limaika maperesenti: 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa odalira malemu. Limatchulanso nyumba mwachindunji. Ngati malemu anasiya nyumba, imakhala ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, ufulu umene umatha akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamulo la ku Zambia silikhudza malo a makolo, kotero kumidzi ya ku Chipata, Katete ndi Chadiza nkhani za amasiye ochotsedwa pamunda zimapitabe kwa mafumu.